Sheleni Yosalira ya a Likoswe

Aliyense amene anakwerapo basi ya a Abednego Likoswe m'misewu ya ku Lewisham ndi Catford amakumbukira chinthu chimodzi: bambo aja sankalandira ndalama asanaimve kulira kwake. Ukawapatsa kakobiri kako, ankakagogoda pa makina a matikiti amene ankalendewera pamimba pawo, n'kupendeketsa mutu ngati nkhuku yamva kabawi. Kakalira bwino, tikiti. Kakapanda kulira, ankakubwezera mwaulemu wonse, dzanja lili chitambasulire mpaka upeze kena. Gogo wina wachizungu mpaka analemba kalata ku galaja, kudandaula kuti kondakitala ameneyu amamuyesa mbava m'mawa uliwonse. Akuluakulu atafufuza anapeza kuti kwa zaka khumi chikwama cha a Likoswe sichinabwerepo ndi washala, batani kapena kobiri la ku France ngakhale limodzi, pomwe anzawo ankabwera nazo zodzaza dzanja. Kalata ija inathera m'dirowa.

Anzawo akawafunsa kumene anaphunzira luso lotere, ankangoti, "Kwathu."

Koma pakati pa Amalawi othawa kwawo, amene ankakumana mu holo ya tchalitchi china ku Lewisham, a Likoswe ankadziwika ndi china. Anali mmodzi wa anthu anayi a pa tebulo la andende. Chaka chilichonse pa 3 Malichi, tsiku lokumbukira ofera dziko, azimayi ankayala nsalu yoyera pa tebulo lakutsogolo n'kuikapo mipando inayi, ya okhawo amene anamangidwapo ndi atsamunda. Anayiwo ankamwera tiyi m'makapu adothi okhala ndi sosala. Ena onse, madokotala ndi maloya omwe, ankamwera m'timakapu tapulasitiki tija tootcha zala. Mwambowu anauyambitsa ndi Mayi Ivy Chiwaula, makapuwo analinso awo, ndipo ankawawerenga ndi maso mpaka abwerere m'katoni.

Aliyense wa anayiwo ankaimirira n'kufotokoza zimene anaona. A Hudson Chiwaula, amuna awo a Mayi Ivy, amene kumudzi anali mphunzitsi komanso mlembi wa chipani, ankatenga mphindi makumi anayi, ndipo zikoti zimene anakwapulidwa mu 1959 zinkawonjezeka ziwiri chaka chilichonse. Ikafika nthawi ya a Likoswe, ankaimirira, kumanga batani la jekete, kuyang'ana khoma lakumbuyo kwa mphindi yathunthu, n'kukhala pansi. Azimayi ankapukuta misozi.

"Awo ndiye anazunzidwa zenizeni," ankatero Mayi Ivy. "Mpaka mawu anawathera. Osati enawa."

Enawa anali amuna awo.

Zoona zake zinali zina. Mu 1953 Abednego anali mnyamata wa zaka makumi awiri ndi ziwiri, wochokera ku Thyolo, wowotcherera marediyeta pa galaja ina ku Limbe. Ankafuna njinga. Inali yakuda, ya belu, ndipo inkaima pa windo la sitolo imene ankadutsapo m'mawa ndi madzulo. Malipiro ake akanaigula mwina atamera imvi. Koma pa galajapo panali mtovu wa mabatire akale, panali moto, ndipo mnyamatayo anali ndi manja abwino. Anaumba chikombole, n'kutulutsa masheleni khumi ndi anayi. Nkhope ya mfumu ya ku Mangalande inatuluka bwino zedi, khutu lokha ndilo linakula pang'ono. Vuto linali limodzi. Sheleni yeniyeni ukaiponya pa simenti imalira ngati kabelu. Yake inkangoti phu, ngati chitosi cha nkhuku.

Yachitatu ndiyo inamugwiritsa. Ku khoti ku Blantyre womasulira anamuuza kuti lamulo likulola jaji kumutsekera moyo wake wonse, pakuti wopanga ndalama ya mfumu, ngakhale wongoyamba kuipanga, wapalamula mlandu waukulu. Abednego anayang'ana jaji, mzungu wovala ubweya wankhosa kumutu kunja kukutentha, n'kudikira. Jajiyo anati poti ndi mnyamata ndipo n'koyamba, zaka zisanu ndi ziwiri, akugwira ntchito yakalavulagaga. Mfumu imene anaiumba nkhope ija inali itamwalira kale chaka chapitacho, koma zimenezo sizinachotseko ngakhale tsiku limodzi.

Tsono chaka chimenecho ndi chomwe anthu ambiri a ku Thyolo anagwidwa pa zipolowe zokana chitaganya. Lole imene inamutengera ku ndende ya Zomba inali yodzaza ndi iwowo. Anagona nawo chipinda chimodzi, kutaya nawo ndowa imodzi, kudya nawo nyemba zofumbwa, ndipo nyimbo zawo anaziloweza zonse. Anatuluka mu 1958, atamudulirako chifukwa cha khalidwe labwino, n'kuphunzira kuyendetsa galimoto.

Mu 1961 a Chiwaula ankafuna dalaivala.

"Munagwirapo kuti ntchito?" anafunsa.

"Ndinali ku ndende ya Zomba, bwana."

"Liti?"

"Kuyambira '53."

"Kwanu?"

"Ku Thyolo."

A Chiwaula anadzuka pampando n'kuwagwira chanza ndi manja onse awiri. A Likoswe anatsegula pakamwa kuti afotokoze, koma anaona makiyi a galimoto ali patebulo, n'kutsekanso. Anaganiza zodzanena mawa lake.

Mawa limenelo linawapeza mu 1964, nduna zitakangana ndi boma latsopano ndipo anthu ngati a Chiwaula akusakidwa. Tsiku lina anauzidwa kuti adzaze mafuta, kuli msonkhano ku Lilongwe. Ku Lilongwe anauzidwa kuti apitirire. Podzazindikira anali ali ku Zambia, ndi malaya amodzi, dzina lawo lili pa mndandanda wa zigawenga. Umu ndi mmene a Likoswe analowera ndale, atakhala pa chiwongolero. Mkazi wawo Edna anawatsatira ndi kamwana kawo Lois kumbuyo, ndipo mu 1968 onse anali ku London, m'kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa msika wa ku Lewisham.

Edna ankadziwa. Anamuuza asanakwatirane, zonse, osasiya ngakhale za khutu lija. Iye anamvetsera mpaka kumapeto n'kufunsa funso limodzi: "Ndiye njingayo ili kuti?" Ndipo chaka chilichonse akamachokera ku holo, ali pa basi, ankawagunda ndi chigongono.

"Bambo a Lois, sosala ija mwaigwira bwino lero. Ngati munthu wofera dziko weniweni."

"Mayi a Lois, anthu akumva."

"Azungu awa? Amve."

Edna anamwalira mu Novembala 1981, atadwala miyezi inayi. Anthu ankayembekeza kuti a Likoswe alira. Iwonso ankayembekeza. Koma misozi sinabwere, pa maliro ngakhale pambuyo pake. Chimene chinabwera ndi dzanzi. Munthu akachokera kwa dokotala wa mano amagwira tsaya lake n'kumamva ngati akugwira la mnzake. A Likoswe thupi lonse linali choncho. Ankadzuka, kumeta, kuvala yunifomu, kugogoda makobiri tsiku lonse, kubwera kunyumba, kudya chimene Lois wawasiyira osadziwa ngati muli mchere. Masheleni akale nthawi imeneyo ankayendabe, ankawawerengera ngati mapeni asanu a ndalama zatsopano, choncho tsiku lililonse nkhope ya mfumu ija inkawadutsa m'manja kangapo. Kale ikafika ankamva kanthu. Tsopano ayi. Inali ndalama basi.

Zovala za Edna azimayi a mpingo anazipinda n'kuziika mu sutikesi yabuluu, sutikesiyo n'kuikweza pamwamba pa wadiropu. Mwa mwambo zinayenera kukagawidwa kwa abale ake ku Thyolo. A Likoswe analemba kalata kufunsa ngati angazitumize. Mkulu wake wa Edna anayankha kuti zovala za malemu si katundu wa pa positi. Mwamuna abwere nazo yekha, akaonekere kwa eni mbumba, amusudzule. Koma pasipoti ya kumudzi inali itatha kalekale ndipo boma silikanawapatsa ina, pomwe chikalata cha othawa kwawo chimene ankayendera chinkalola kupita kulikonse kupatula kwawoko. Njira inali imodzi, kupempha unzika wa ku Britain. Ena anali atatero, n'kupita kumudzi, n'kubwerako amoyo. A Likoswe anamva zonsezi, anavomera ndi mutu, ndipo sutikesi inakhala pa wadiropu zaka ziwiri.

Amene anatopa nayo ndi Lois. Anali namwino tsopano, wa zaka makumi awiri ndi ziwiri, wa Chichewa chomva zonse koma choyankha theka. Lamulungu lina masana mu Januwale 1984 anaika fomu yopemphera unzika patebulo, n'kuika cholembera m'dzanja la bambo ake ngati akupereka mankhwala kwa wodwala wovuta.

Anayenda bwino mpaka tsamba lachitatu.

"Apa akufunsa ngati munaweruzidwapo ku khoti, kulikonse, even kunja," anatero Lois. "Just put political, Dad. 1953. Aliyense akudziwa."

A Likoswe anayang'ana kabokosi kolembamo yankho nthawi yaitali. Kanali kakang'ono, ka mizere itatu.

"Sizinali zandale."

"Ndiye zinali za chani?"

Anamuuza. Anafotokoza ndi mawu omwe aja oitanira masiteji pa basi, osakwera osatsika. Lois anangoti kukamwa yasa.

"Masheleni angati?"

"Khumi ndi anayi."

Mtsikanayo anawerenga pa zala. "That's seventy pence, Dad. Seven years for seventy pence!" Anaseka mpaka kugwira tebulo, kenako kuseka kunaduka. "Amayi ankadziwa?"

"Ankadziwa."

"Ndiye zonse zija, tebulo lija, anthu akulira..." Posakhalitsa nzeru za unamwino zinabwerera. "Okay. Musalembe. Ndani akafufuze mapepala a ku Zomba a zaka makumi atatu? Chiswe chinadya kale."

"Ndinaumbapo nkhope ya mfumu," anatero a Likoswe. "Sindiumbanso pepala la mwana wake, mfumukazi yalero."

Wina angaganize kuti kunali kulapa, kapena kulimba mtima. Iwo sanamve chilichonse mwa zimenezo. Anangoona kuti bodza limafuna mphamvu, kulikumbukira, kulidyetsa, kuliperekeza ku maofesi a boma a ku Croydon n'kukalibwereza pamaso pa munthu, ndipo mphamvuzo analibe. Nthawi yonse ija katunduyo ankanyamulizana ndi Edna, ndiye ankapepuka, mwinanso kuseketsa. Analemba m'Chingerezi, ndi zilembo zikuluzikulu: kupanga ndalama zachinyengo, Blantyre, 1953, zaka zisanu ndi ziwiri. Zinakwana bwino m'mizere itatu ija.

Vuto linali kumapeto kwa fomu. Pankafunika mboni, anthu a unzika amene awadziwa zaka zambiri, oti awerenge ndi kusaina kuti mwini fomu ndi munthu wa khalidwe. Woyang'anira wawo ku galaja anasaina ataimirira, sangweji ili m'dzanja lina. Koma panalinso malo a munthu amene wawadziwa nthawi yaitali koposa, ndipo mu London monse munthu ameneyo anali mmodzi.

"Pezani wina," anatero Lois.

"Ndikawalumpha a Chiwaula, Mayi Ivy adzafuna kudziwa chifukwa. Ndipo adzadziwa."

Loweruka masana anakwera sitima kupita ku Croydon, kumene ankakhala a Chiwaula, fomu ili m'thumba lamkati. Ankadziwa chimene akukataya: mpando, sosala, moni wa manja awiri, ndi munthu yekhayo wotsala amene anawaonapo ali ndi tsitsi lakuda. Anayesa kuchita mantha, kuti mwina amve kanthu. Anangoona madenga onyowa akudutsa pa windo.

A Chiwaula anawalandira m'chipinda chochezera, chodzaza mabuku ndi zithunzi za misonkhano yakale. Mayi Ivy anapereka moni n'kulowa m'khitchini, chitseko n'kuchisiya chotsegula pang'ono monga mwa nthawi zonse, kuti nthunzi izituluka.

"Mwachedwa nazo izi, achimwene," anatero a Chiwaula akuvala magalasi. "Ine ndinakuuzani kale. Tiyeni tione."

Anawerenga tsamba loyamba akung'ung'udza nyimbo. Lachiwiri chimodzimodzi. Pa lachitatu nyimbo inatha. M'khitchini namonso mbale zinasiya kugundana.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndi mmene zinalili, bwana."

A Chiwaula anavula magalasi, kuwapukuta, kuwavalanso. Anawerenganso. Kenako nkhope yawo inayamba kuwala pang'onopang'ono, ngati ya mphunzitsi amene wapeza njira yokhozetsera mwana wa mfumu amene walephera mayeso.

"Koma inu! Mukudziwa chimene munachita? Ife tinkagwetsa mitengo m'misewu, kuponya miyala, kulemba makalata. Inu munawalasa atsamunda pamtima penipeni, pathumba! Kusokoneza chuma cha ufumu wonse! Zimenezi ndiye ndale zapamwamba."

"Ndinkafuna njinga, bwana."

"Eya, njinga yoyendera misonkhano."

"Yoyendera atsikana."

M'khitchini munamveka kutsokomola.

"Achimwene, mundimvetse," anatero a Chiwaula motsitsa mawu. "Nkhani imakhala mmene waikambira."

"Ufumu sunamve kanthu, bwana. Amene anamva ndi mayi wina, dzina lake Masiye, wogulitsa nthochi pa msika wa Limbe. Ndinagula nthochi za kobiri ndi sheleni yanga yamtovu, iye n'kundibwezera chenji chenicheni, cha tsiku lonse. Anapita nayo sheleniyo ku sitolo kukagula mchere ndi palafini. Mwini sitolo anaiponya pa kauntala, sinalire. Anamusunga ku polisi masabata atatu, ndi mwana wakhanda, mpaka anandizindikira. Ku khoti anabwera wopanda nsapato. Anandiloza n'kuti, 'Ndi awo.' Kenako anafunsa jaji kuti nthochi zake zija, zimene zinaolera pa msika iye ali m'chitokosi, alipira ndani. Womasulira atamasulira, khoti lonse linaseka."

"Analipira ndani?"

"Palibe."

A Chiwaula anaika pepala lija pansi. Atayambanso kulankhula, mawu a pa msonkhano aja anali atachoka.

"Zaka makumi awiri ndi zitatu, Likoswe. Mwadya m'nyumba mwanga. Ndakutchulani pamaso pa anthu. Pa mpando umene mumakhala uja pakanakhala chithunzi cha Paterson, amene ndinamangidwa naye limodzi, amene anatuluka osamva khutu limodzi n'kukafera ku Lusaka ngati galu. Inu phee, kumwa tiyi."

"Ndi zoona, bwana."

"Mulibe china choti munene?"

A Likoswe anafufuza m'kati mwawo, moona mtima, ngati munthu wofufuza chenji m'thumba lobooka. "Ndilibe, bwana."

A Chiwaula anadzuka, kupita pa windo, kubwerera. Anatenga cholembera, n'kuchiikanso pansi.

"Apa akuti ndinene kuti ndinu munthu wa khalidwe."

"Mukhoza kukana."

"Ndikudziwa kuti ndikhoza kukana! Musandiphunzitse." Anapuma mwamphamvu. "Tsiku lija pa Mchinji, apolisi atatiimitsa, ine ndili pansi pa matumba a mtedza. Munawauza kuti chiyani?"

"Kuti ndi mtedza."

"Mukanangoloza ndi chala, bwenzi lero muli ndi sitolo ku Limbe, ndi njinga khumi." Anasaina, mwaukali, mpaka cholembera chinatsala pang'ono kuboola pepala. "Izo sizinali zamtovu. Koma mundimvere. Nkhaniyi muisiye m'manja mwanga. Pa 3 Malichi mukakhale pamalo panu, mukachite zanu zija zoyang'ana khoma. Zolankhula ndilankhula ine. Anthuwa ali kutali ndi kwawo, alibe zambiri. Musawalande ndi zochepa zomwezo."

Chitseko cha khitchini chinatseguka. "Tiyi wapsa," anatero Mayi Ivy, maso ali gwa pa a Likoswe ngati akuwaona koyamba.

Mayi Ivy analumbira kwa amuna awo kuti sauza munthu, ndipo sanauzedi munthu, kupatula Mayi Anne a ku Greenwich, amene ndi ngati m'bale. Pofika Lamulungu lachiwiri nkhani inali itabala ana. Ena ankati a Likoswe ankasindikiza ndalama zamapepala kuseri kwa galaja n'kumalipirira chipani. Ena ankati anali matumba awiri a masheleni ndipo limodzi likadali lokwiriridwa ku Thyolo. Mnyamata wina wa ku yunivesite anawapempha kuti adzawafunse mafunso a maphunziro ake. A Likoswe ankapereka moni, kuimba nyimbo, kubwerera kunyumba. Fomu inali itapita kale.

Chaka chimenecho 3 Malichi linali Loweruka, ndipo holo inadzaza kuposa kale lonse. Anabwera ndi a ku Zambia omwe, amene tsikuli silinkawakhudza. Nsalu yoyera inayalidwa, mipando inayi, makapu anayi. A Likoswe anakhala pamalo pawo, kumapeto, pafupi ndi chitoliro chotenthetsa m'nyumba.

A Chiwaula analankhula bwino tsiku limenelo, tisawanamizire. Za zikoti anangodutsamo. Anafika pa mbale wathu amene wakhala chete zaka zonsezi, amene yekhayekha, wopanda mfuti, wopanda chipani, ndi moto wa pa galaja chabe, anaima n'kunena kuti ndalama ya mzungu si Mulungu, nafenso tikhoza kuipanga. Anthu anaomba m'manja. Wina kumbuyo analuluta. Lois anali ataima pafupi ndi chitseko, atavala yunifomu ya ku ntchito, akuyang'ana pansi.

Kenako inafika nthawi ya a Likoswe. Anaimirira, anamanga batani la jekete, anayang'ana khoma. Pakhomapo panali chikwangwani cha ana a sukulu ya mkaka, cha nyama zojambula, chimene anachiyang'ana zaka khumi ndi zisanu. Akanatha kukhala pansi. Mpando unali pompo, wofunda, ndipo tsopano unali wolimba kuposa kale. Koma anaona kuti kuyambira lero nkhaniyo idzafuna kuti azivomera ndi mutu, aziyankha ana a ku yunivesite, azikumbukira chiwerengero cha matumba. Kutopa kuja kunawagwiranso.

"Ine ndinapanga masheleni khumi ndi anayi," anatero. Kwa ambiri m'holomo kanali koyamba kuwamva akulankhula ataimirira. "Ndinkafuna njinga. Amene anavutika nazo ndi mayi wogulitsa nthochi, dzina lake Masiye. Anagona m'chitokosi masabata atatu ndi mwana. A ku Thyolo aja ndinangokwera nawo lole. Zikomo."

Palibe anaomba m'manja. Palibenso analira, ndipo azimayi amene anali atatulutsa kale mipango anasowa chochita nayo. A Chiwaula ankayang'ana nsalu ya patebulo. A Likoswe anakankhira kapu ndi sosala pakati, mosamala kuti tiyi asatayike, n'kuyenda pakati pa mipando mpaka kumbuyo. Anthu ankabweza miyendo kuti adutse. Anakaima pafupi ndi Lois, pa tebulo la ketulo yaikulu, poti kwina koti apite kunalibe. Basi yawo inali ya hafu pasiti faifi.

Anayembekeza manyazi. Ankadziwa kuti ndi nthawi yake, ngati mmene umadziwira kuti sitima ikubwera. Sanabwere.

Amene anabwera ndi Mayi Ivy, atanyamula mbale ya ndalama za tiyi. Anaima patsogolo pawo, kuwayang'ana kuyambira ku nsapato mpaka kumutu.

"Zaka khumi ndi zisanu ndikukulirirani, a Likoswe. Misozi yanga mundibwezera?"

"Pepani, mayi."

"Pepani samanga nyumba. Gwirani mbale iyi. Chaka chatha wina anaponyamo ndalama za ku Ireland, mwezi wathawu batani la jasi. Mpingo wonse uno katswiri ndinu nokha, ndiye tinkakuwonongerani kutsogolo kuja."

Wina anaseka, kenako ena angapo, ndipo mzere wa tiyi unayamba. Si onse anaseka. Mkulu wina wa pa tebulo lija anadutsa osawayang'ana, ndipo sanadzawapatsenso moni mpaka imfa yake. A Chiwaula anatha miyezi isanu osawaimbira foni. Pasipoti inadzabwera chaka chotsatira, a boma atawaitana kamodzi n'kuwafunsa mafunso ochepa kuposa a Mayi Ivy, ndipo sutikesi yabuluu inatsika pa wadiropu n'kukafika ku Thyolo. Mpando wachinayi sunachotsedwe. Anaikapo chithunzi cha Paterson.

Koma zimenezo ndi za pambuyo. Masana amenewo a Likoswe anaima pa ketulo, kulandira ndalama iliyonse, kuigogoda m'mphepete mwa mbale, kupendeketsa mutu. Ya dokotala inalira. Ya mnyamata wa ku yunivesite inalira. Ya Mayi Anne a ku Greenwich anaibweza mwaulemu, dzanja lili chitambasulire.

Mzere utatha, Lois anawathirira tiyi m'kakapu kapulasitiki n'kuwapatsa. Anakagwira mmene ankagwirira kapu yadothi ija, ndi dzanja lonse. Patapita kanthawi anakasinthira ku dzanja lina, n'kuyang'ana zala zawo.

"Timakapu timeneti timaotcha," anatero.

"Takhala tikunena, Dad," anayankha Lois. "Gwirani m'mwamba."